Amene akukubayani kumaso, zikavuta adzachita chiyani?

Sabata yatha mwana wa achimwene anga, amene ali ndi kasaluni pano pa Mchinji boma, anafika kunyumba foni ili m'manja. Anandionetsa uthenga wa pa WhatsApp: maphunziro a masiku atatu ku Lusaka, ophunzitsa kubaya Botox ndi filler, mankhwala okongoletsa nkhope, pomaliza ulandira satifiketi ndi kabokosi ka mankhwala oyambira. Anati, "Azakhali, mundibwereke ija mwalandira ku banki m'khonde, pofika Disembala ndibweza. Inuyo mwabaya anthu zaka zonsezi, chonsecho sindinu dokotala."

Ndalamayo ndinakana. Koma mawu ake omalizawo anandigoneka mochedwa, chifukwa sananame. Ndagwira unamwino ndi uzamba mpaka imvi, ndipo sindine dokotala.

Ndikamawerenga anthu akunja akukangana kuti jakisoni wa kumaso azibaya madokotala okha, ndimaona kuti mkanganowo, mmene auikira, sutikwana ife Amalawi. Kuno amene amang'amba mayi pa chipatala cha boma usiku, mwana atapingasa, nthawi zambiri ndi clinical officer. Amene amabaya ana athu katemera pansi pa mtengo ku Mkanda kapena ku Kapiri ndi mlangizi wa zaumoyo, HSA. Amayi ambiri jakisoni wa kulera wa miyezi itatu amalandira kwa anthu amene sanalowepo m'kalasi la madokotala. Titanena kuti singano ndi ya dokotala yekha, zipatala zathu zitsekedwa mawa. Choncho sindikutsutsa mwana wanga chifukwa chosowa dzina loti dokotala.

Chimene ndinamuuza ndi ichi: kubaya ndi gawo laling'ono kwambiri la ntchito yobaya. Kulowetsa singano ndingakuphunzitse masana amodzi ndi lalanje. Zaka zitatu zija clinical officer amakhala ku Malawi College of Health Sciences, n'kuwonjezera nthawi yogwira ntchito akuyang'aniridwa, sakhala akuphunzira kugwira sirinji ayi. Amaphunzira zimene zili pansi pa khungu, munthu amene sayenera kulandira mankhwalawo, ndi chochita munthu akayamba kubanika ali pa mpando. Dzina lake limalembedwa ku Medical Council of Malawi, langa ku Nurses and Midwives Council, ndipo ndikalakwitsa pali malo amene abale a wodwala angakandisumire, chiphaso changa n'kulandidwa. Ngakhale HSA uja sabaya zam'mutu mwake. Mankhwala ndi odziwika, muyeso ndi wodziwika, malo obaya ndi odziwika, ndipo kumbuyo kwake kuli chipatala chimene chimamuyang'anira. Satifiketi ya masiku atatu ilibe chilichonse mwa izi.

Ndiyeno nkhope si phewa. Apa ndichedwepo, chifukwa ambiri sadziwa. Filler ndi mankhwala olimbirako ngati phala, ambiri opangidwa ndi hyaluronic acid, amene amaikidwa pansi pa khungu kuti milomo ikule kapena masaya adzaze. Kumaso mitsempha ya magazi ndi yambiri, yaing'ono, ndipo sidutsa malo amodzimodzi mwa anthu onse. Nsonga ya singano ikalowa mu mtsempha, phala lija limautseka. Mbali ya khungu imene imadya magazi a mtsempha umenewo imayamba kufa: ululu woopsa, kusintha mtundu, kenako m'masiku ochepa chilonda pa mphuno kapena pa mlomo. Mabuku ambiri amati uone ngati khungu layera. Pa khungu lathu lakudali kuyerako sikuoneka msanga, ndipo wosazolowera angamuuze munthu kuti pitani kunyumba, kutupa kumeneko n'kwa masiku onse.

Choopsa kuposa apo n'chakuti mitsempha ya pa mphuno ndi ya pakati pa nsidze imalumikizana ndi mtsempha wodyetsa diso. Phala likakankhidwa mwamphamvu limatha kubwerera chammbuyo mpaka kukatseka kumeneko. Munthu amangoti kwada, ndipo diso lotere kawirikawiri silibwerera. Izi sizichitika tsiku ndi tsiku, ndivomereza, koma zachitikapo ngakhale m'manja mwa akatswiri. Kusiyana kwake n'kwakuti katswiri amazindikira pompo, amasiya kubaya, ndipo ali ndi mankhwala osungunula filler otchedwa hyaluronidase pafupi. Tsono taganizani zachitika mu saluni pano. Kuchokera pa boma kukafika ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi makilomita opitirira 100, ndipo minibasi sinyamuka isanadzaze. Komanso ngati zimene zinali mu sirinjimo si hyaluronic acid koma silicone kapena mafuta ena osadziwika, palibe mankhwala ozisungunula. Zimakhala momwemo, n'kuyamba kuuma timibulu, mwina patapita zaka.

Botox ndi nkhani ina. Ndi poizoni weniweni wochokera ku kachilombo kotchedwa Clostridium botulinum, woperekedwa pang'ono kwambiri kuti mnofu ufooke, makwinya a pa chipumi asalale kwa miyezi itatu kapena inayi. Ku America anauvomereza pa ntchito ya makwinya mu 2002. Ukabaya malo olakwika chikope chimagwa, munthu n'kuyenda masabata angapo diso limodzi lili lotsinzina. Ukakhala wachinyengo kapena wochuluka umafalikira m'thupi, munthu n'kulephera kumeza, kulankhula ndi kupuma. Mu 2024 bungwe la CDC, loona za matenda ku America, linachenjeza anthu atapeza kuti ena agonekedwa m'zipatala chifukwa cha Botox wachinyengo kapena wobayidwa ndi anthu opanda chiphaso, m'nyumba ndi m'malo okonzera khungu. Botox weniweni amasungidwa mu firiji pa madigiri 2 mpaka 8. Ndinamufunsa mwana wanga kuti kabokosi kako kadzadutsa bwanji pa chipata cha Mwami mu Okutobala, m'chikwama, pa basi, ndipo magetsi akazima tsiku lonse udzakaika pati. Ndinamufunsanso ngati bungwe la PMRA, loona za mankhwala m'dziko muno, likudziwa zimene zili m'mabotolomo. Anangoyang'ana pansi.

Pali china chimene chimandiwawa kwambiri ine wa msinkhu uno. Agogo athu aakazi ankatema mphini kumaso kuti akongole, ndipo palibe amene ankawaseka. Kufuna kukongola si tchimo, ndipo si chinthu chobwera ndi TikTok. Koma tinayenda m'midzi zaka zambiri kupempha anthu kuti lumo limodzi lisateme anthu awiri, uku tikuika abale athu m'manda mlungu uliwonse. Lero singano ikubwereranso pakhomo lina, lonunkhira mafuta odzola. Ku New Mexico ku America, malo ena okonzera khungu opanda chilolezo anatsekedwa mu 2018, ndipo kafukufuku wa CDC anapeza kuti amayi osachepera atatu anatenga HIV kumeneko kudzera mu kubayidwa kumaso. Ngati zinachitika kumeneko, nanga mu kachipinda kamene madzi ake ndi a m'chigubu, pamene thonje, mawigi ndi masingano zili pa tebulo limodzi?

Ku England nkhani yomweyi inawavuta. Mu 2013 lipoti la boma lotsogoleredwa ndi Bruce Keogh linati munthu wobayidwa filler analibe chitetezo choposa cha wogula cholembera kapena mswachi. Lamulo loletsa kubaya Botox ndi filler ana osakwana zaka 18 linadzayamba mu 2021. Iwo anayamba kuthamangitsa vutolo litakula kale. Ife tili ndi mwayi woti lidakali laling'ono, ndipo ndikupempha makhonsolo athu awiri aja pamodzi ndi PMRA anene poyera, m'Chichewa, pa wailesi, kuti oyenera kubaya kumaso ndani, ataphunzira chiyani, komanso pamalo otani. Lamulo la 1987 loona za madokotala lilipo, koma mtsikana wa pa saluni saona kuti likumukhudza, chifukwa anamuuza kuti izi ndi za kukongola, si za chipatala. Chilichonse choboola khungu n'kusiya mankhwala mkati ndi cha chipatala, kaya wabwera kudzachira kaya wabwera kukonzekera ukwati.

Ndinenenso china kuti anzanga a yunifomu asadzimve kuti apulumuka. Ineyo, ndi zaka zanga zonsezi, sindingabaye munthu filler pa mphuno. Sindinaphunzire. Namwino kapena clinical officer amene akuweruka n'kumakabaya anthu m'nyumba zawo, ataonera mavidiyo pa YouTube, akugwiritsa ntchito ulemu wa yunifomu kuphimba umbuli wake, ndipo ameneyo amandiopsa kuposa wa pa saluni, chifukwa anthu samufunsa kanthu. Ngakhale dokotala amene sanaphunzire ntchito imeneyi asaiyambe. Koma namwino wolembedwa m'kaundula, wophunzitsidwa mokwanira za nkhope, wogwirira pa chipatala chovomerezeka pamene pali womuyang'anira ndi mankhwala a mwadzidzidzi monga adrenaline, ameneyo sindimukayikira.

Inu amene mwatsimikiza mtima kuti mubayitsa, musachite manyazi kufunsa. Muone chiphaso cha khonsolo, osati pepala lopachikidwa pa khoma lokhala ndi maluwa m'mbali. Botolo alitsegule inu mukuona, singano ituluke m'pepala lake. Akufunseni ngati muli oyembekezera, ngati mukuyamwitsa, ngati pali mankhwala amene amakuwengani, ngati thupi lanu limatupa zipsera. Wosafunsa zimenezi sakudziwa chifukwa chake zimafunsidwa, ndipo mudzuke pa mpandopo.

Mwana wanga ndimamumvetsa. Amaluka tsitsi kuyambira m'mawa mpaka msana kuuma, ndalama yake osakwana lendi ndi sopo, pamene pa foni akuona anzake akuwerenga ndalama za jakisoni mmodzi. Ndamuuza kuti ndalama ija ndingamuthandize nayo kugula draya yachiwiri, kapena ngati singano ikumukoka ndithu, alembenso MSCE akweze Biology, ine ndidzalipira gawo la fizi ya unamwino. Sanayankhe, adakali wokwiya nane. Chimodzi chokha anavomera: ndinamupempha alembere aphunzitsi ake a ku Lusaka aja funso loti kasitomala akanena kuti diso lada pamene ndikumubaya, ndichite chiyani mphindi khumi zoyamba. Analemba ine ndili pomwepo. Aphunzitsiwo anauwerenga uthengawo Lachitatu madzulo, ndipo lero ndi Lolemba, yankho silinabwere.