Bambo anathawa mwana ali kumsana, lero tikamusake kuti asaine?

Maganizo anga ndi awa, okwiya akwiye: mayi amene walera mwana yekha, bambo atasowa zaka ndi zaka osatumiza olo sopo, ali ndi chifukwa chomveka chofunira kuti mwanayo azitchedwa dzina la kwawo kwa mayiyo. Ndipo munthu amene anathawa udindo sakuyenera kuletsa zimenezo pongokhala duu ku Joni kapena pongosintha nambala ya foni.

Ndikudziwa ena mwayamba kale kutentha mtima, eti magazi ndi magazi, mwana sangataye mtundu wake. Chabwino. Koma magaziwo anali kuti mwana akudwala malungo usiku mayi akusaka kabaza wopita kuchipatala? Anali kuti pa nthawi ya yunifomu, makope, ndalama ya mayeso? Anthu ena mimba anaikana pamaso pa ankhoswe, mpaka kulumbira kuti mtsikanayo sakumudziwa n'komwe, koma mwana akangokula n'kuyamba kukhoza bwino kusukulu mumva "ameneyo ndi wakwathu, dzina lathu lisachoke." Aaa, tiyeni tizichitako manyazi.

Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 23, amanena kuti mwana aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi dzina lake komanso dzina la banja. Sakunena kuti dzina la banjalo likhale lakuchimuna basi. Gawo lomwelo limati pa chiganizo chilichonse chokhudza mwana, choyamba kuganizira ndi ubwino wa mwanayo, osati ulemu wa bambo kapena mkwiyo wa mayi. Limanenanso kuti mwana ali ndi ufulu wodziwa makolo ake, ndipo apa amayi ena simundikonda, chifukwa kusintha dzina sikukupatsani chilolezo chomunamiza mwana kuti bambo ake anamwalira pomwe ali moyo akumwa mowa kwa Kachere. Muuzeni zoona malinga ndi msinkhu wake, akakula adzaona yekha chochita.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti ambiri amene amakuwa kuti "chikhalidwe chathu sichilola" ndi ochokera kumene mwana ndi wakuchikazi. Achewa, Alomwe, Ayao, Amang'anja, mwana ndi mbumba ya malume ake, banja likatha mwamuna amanyamula bulangete lake n'kumapita ana n'kutsala pamudzi pa mayi awo. Ndiye chikhalidwe chake chiti chimene chikuphwanyidwa mwana akatenga dzina la agogo ake akuchikazi amene akumulera? Kumpoto ndi kuchigwa cha Shire komwe kuli malowolo nkhani yake ndi ina, ndikuvomereza, kumeneko akakulowola ana ndi akuchimuna ndipo abale a mwamunayo amatha kulera mwana ngakhale mwiniwake atasowa. Ngati agogo akuchimuna ndi azakhali akumuyendera mwanayo, akulipira fizi, akumuitana pa holide, ine sindingalimbikitse kuchotsa dzinalo chifukwa banja la mwanayo lilipo, wathawa ndi munthu mmodzi. Koma ngati sanalowole, sanabwere kudzapepesa za mimba, mwana sakumudziwa nkhope, akudandaula chani?

Tsono vuto lalikulu limene ndikuliona si lakuti amayi akusintha maina ayi, koma mmene akusinthira. Kale zinali zophweka, umangopita kwa a hedi n'kunena kuti kuyambira lero mwanayu muzimulemba wakuti, iwo n'kufufuta mu rejisitala, nkhani yatha. Pano zinthu zinasintha. Lamulo la kalembera wa nzika linakhazikitsidwa mu 2010, kuyambira mu 2015 mwana aliyense wobadwa akuyenera kulembetsedwa, ndipo 2017 tonse tinaima pamizere kujambulitsa ziphaso za unzika. Dzina limene linalowa mu kompyuta ya NRB, nthambi ya boma yolembetsa nzika, ndi limene boma likulidziwa, kaya kunyumba mumamutchula ndani.

Mwana wa msuweni wanga zinamuchitikira ndikuona. Mayi ake atakwatiwanso anangomusintha dzina kusukulu ali Sitandade 4, popanda pepala lililonse. Lero mtsikanayo ali ndi envulopu ya khaki imene amayenda nayo paliponse, mkatimo buku lake lakusikelo lothetheka m'mbali muli dzina la bambo omubereka, satifiketi ya MSCE ili ndi dzina la bambo omupeza, pa chiphaso cha unzika analembetsa la agogo ake chifukwa ndi amene anamuperekeza tsikulo. Munthu mmodzi maina atatu. Akapita kukafunsira ntchito amayala mapepala onse patebulo n'kuyamba kufotokoza mbiri ya banja lake kwa munthu wachilendo, ndani anathawa, ndani anakwatira ndani, pomwe anzake angopereka n'kumapita. Zimenezo n'zomuchititsa manyazi mwana pa zinthu zimene sanapange ndi iye.

Ndiye ngati mwatsimikiza mtima, chitani mwalamulo komanso chitani msanga, mwana asanalembetse mayeso a Sitandade 8, chifukwa dzina likangolowa ku MANEB limamutsata mpaka ku koleji ndipo kukonza pambuyo pake ndi chintchito. Yambani mwakafunsa ku ofesi ya NRB kwa DC kuti pa nkhani yanuyo akufuna mapepala ati, pitaninso ku Social Welfare, ndipo ngati ndalama ya loya palibe kuli Legal Aid Bureau, inakhazikitsidwa chifukwa cha anthu ngati ifeyo. Ngati bamboyo analembedwa pa satifiketi yobadwira musadabwe akakufunsani kuti iye akuti bwanji. Apa m'pamene khoti limathandiza. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 linabweretsa makhoti a ana, ndipo ndi kumene amamva nkhani za amene akuyenera kusunga mwana, za chithandizo, ngakhale zotsimikiza kuti bambo wa mwana ndani.

Koma kukhoti sapita ndi misozi yokha. Sungani umboni woti munayesetsa kumusaka munthuyo: mauthenga a pa WhatsApp amene anawerenga osayankha, kalata ya amfumu kapena ankhoswe yoti anachoka chaka chakuti ndipo sanabwererenso, malisiti a fizi onse ali m'dzina lanu. Zimenezi musamataye amayi inu, ikani mu jumbo musunge pansi pa sutikesi. Ndipo zimene mukalumbire mu afidaviti, kalata ya umboni wolumbirira, zikhale zoona. Osanama kuti simukudziwa komwe ali pomwe dzulo lomweli mumatukwanizana pa foni, osapeka siginecha yake, ndi mlandu umenewo ndipo akadzatulukira adzagubuduza zonse.

Pali bodza lina limene limayenda kwambiri, ena amaopseza nalo amayi, ena amadzitonthoza nalo. Eti ukachotsa dzina la bambo ndiye kuti wamumasula, sakuyeneranso kupereka chithandizo, ndipo mwana sadzalandira kanthu bamboyo akamwalira. Ayi ndithu. Udindo wosamalira mwana umabwera chifukwa unabereka, kaya munakwatirana kaya ayi, kaya banja linatha. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 nalonso limawerengera ana onse a malemu, obadwira m'banja ndi obadwira kunja komwe. Chofunika ndi umboni woti ndi mwana wake, n'chifukwa chake ine ndimati sinthani dzina loitanira koma pamalo polemba kuti bambo wobereka ndani pakhale choonadi. Abambo amene mumati "wachotsa dzina langa ndiye asandifunsenso ndalama," mumapereka liti kale?

Pamene ndimasiyana ndi amayi ambiri ndi pa nkhani yomupatsa mwana dzina la mwamuna watsopano. Ndikumvetsa, chikondi chili pamoto, bamboyo ndi wabwino, akugula yunifomu, mwana akumuitana kuti adadi, ndipo simukufuna kuti azisiyana dzina ndi azing'ono ake. Koma maukwati a masiku ano mukuwadziwa. Likadzatha limenelo mudzasinthanso? Mwana si minibasi yoti aliyense waigula alembepo dzina lake kumbuyo. Ndaonapo bambo omupeza atakwiya akuuza mnyamata wa Fomu 2 kuti "undibwezere dzina langa," pamaso pa anthu. Ngati mwamunayo akufunadi kukhala bambo, njira ilipo, apite kukhoti akamutenge mwanayo mwalamulo kuti akhale wake mpaka kalekale, udindo ndi chuma chomwe. Akayamba kuzembazemba pamenepo ndiye mwadziwa. Dzina la kwanu inu mayi silingakuthaweni, ndi limene ndingasankhe ine.

Komanso mwanayo mufunseni. Wa zaka 3 sangayankhe kanthu, koma wa zaka 12 ali ndi maganizo ake, anzake amamudziwa ndi dzina limenelo, mwina pa mpira amamukuwira ndi dzina lomwelo ndipo kwa iye silikumukumbutsa munthu wothawayo, ndi lake basi. Ena amafuna okha kulichotsa chifukwa chotopa ndi kufunsidwa kuti kwanu n'kuti, ndinu a Phiri akuti, iwo osadziwa choyankha. Akakana musiyeni, akadzakwana zaka 18 adzasintha yekha popanda kupempha siginecha ya kholo lililonse.

Ndipo kwa a boma, tithandizeni. Njira yosinthira dzina la mwana pamene kholo lina lasowa ilembedwe momveka m'Chichewa ndi m'Chitumbuka n'kumatidwa pakhoma m'maofesi a ma DC, kuti mayi wochokera kumudzi asamawononge ndalama ya thiransipoti kungodzafunsa kuti ayambire pati. Munenenso poyera kuti kholo likasowa kwa nthawi yaitali bwanji m'pamene nkhani ingapitirire popanda iye, chifukwa panopa amayi ambiri angokhala akudikira munthu amene nambala yake inasiya kugwira mwana asanayambe n'kuyenda komwe.