Kawindo kakang'ono ka browser si vayirasi abale, musalipire

Ndilankhuleko za kanthu kamene ambiri amakaona ngati kachabechabe koma kakuzunza anthu m'maofesi, m'masukulu ngakhale m'ma cafe momwe. Munthu watsegula Chrome kaya Edge kaya Firefox, m'malo moti idzadze sikirini yonse kakungobwera kawindo kakang'ono pakona, theka la tsamba silikuoneka, batani la Submit labisala kunsi uko, ndiye tsiku lililonse ayambe walimbana nako kaye asanagwire ntchito. Ena anangozolowera basi, koma ena amauzidwa kuti imeneyo ndi vayirasi bweretsani tifomate, ndipo ndalama amaperekadi, nthawi zina mpaka mafayilo awo kupita nawo limodzi. Zimenezi ine zimandiwawa kwambiri chifukwa palibe chimene chawonongeka apa ndipo kukonza kwake sikulira ngakhale tambala.

Chimene chimachitika kawirikawiri nchakuti browser imakumbukira kukula kwa windo limene mwalitseka pomaliza. Ndiye ngati munali ndi mawindo awiri, lalikulu ndi lina laling'ono limene linatseguka lokha mutadina link, mwatseka lalikulu kaye nkumalizira laling'onolo, mawa ikulandirani ndi laling'ono lomwelo. Vutoli ndi lakalekale, amene tinagwirapo Internet Explorer 6 ija ya 2001 tikukumbuka kuti inalibe ma tab, link ikafuna kutseguka payokha inkabwera ndi windo lake ndipo nthawi zambiri linkabwera lofinyika, ma tab anadzabwera ndi Internet Explorer 7 mu 2006. Microsoft inaisiya Internet Explorer pa 15 June 2022 koma khalidwe lokumbukira windo lomaliza lidakalipo m'ma browser a lero.

Ndiye poyambira pake mpophweka. Tsekani mawindo ena onse atsale limodzi, limenelo mulikuze, mutha kudina kabokosi kali pakati pa mabatani atatu aja kumtunda kumanja, kapena kudina kawiri msangamsanga pa kamzere ka pamwamba, kapena pa kiyibodi gwirani batani la Windows nkudina muvi woloza kumwamba. Likadzadza, litsekeni lili choncho. Kwa anthu ambiri nkhani imathera pomwepa. Likakanabe, libwezeni likhale laling'ono kenako mulikoke m'mbali ndi mausi mpaka lifike m'makona onse a sikirini nkulitseka, chifukwa kompyuta imasunga miyezo iwiri, wa windo lokuzidwa ndi wa windo wamba, ndipo mawindo atsopano ambiri amatengera wa wambawo. Mukaukoka wa wambawo kukhala waukulu ndiye kuti mwatseka njira ziwiri zonsezo.

Koma njira imene ine ndimaikonda, makamaka pa kompyuta yogwiritsa ntchito anthu ambiri, ndi ya pa shortcut. Dinani kumanja kwa mausi pa chizindikiro cha browser pa desktop, sankhani Properties, muona pamene palembedwa Run, pamenepo pamakhala Normal window, sinthani muike Maximized, kenako Apply ndi OK. Ngati chizindikirocho chili pa taskbar kunsi, dinani kumanja, kenako dinaninso kumanja pa dzina la browser mu kamndandanda katulukako, Properties muipeza. Kwa a Chrome ndi Edge pali chinanso champhamvu kuposa apa, mu bokosi la Target pitani kumapeto kwenikweni kuseri kwa chizindikiro chotsekera cha " chimene chili pamenepo, siyani mpata umodzi nkulemba --start-maximized, timizere tiwiri kutsogoloko musatiiwale. Edge imamva lamulo lomweli chifukwa kuyambira January 2020 inamangidwa pa Chromium, maziko omwewo a Chrome. Dziwani chabe kuti izi zimagwira mukatsegulira pa shortcut imeneyo, link yochokera mu imelo kapena mu PDF siidutsa pamenepo, komanso ngati Chrome inali ikuyendabe mobisa kumbuyo lamulolo silimveka, ndiye lowani mu Settings, System, muzimitse kaja koti izipitiriza kuyenda mukaitseka.

Firefox ili ndi kachitidwe kake. Kukula kwa windo imasunga mu kafayilo kotchedwa xulstore.json ndipo kakasokonezeka imaiwala chilichonse chimene mwaiuza. Lembani about:support pamwamba polemba adiresi, pa tsamba lotulukalo tsegulani foda ya profile, mmene Firefox imasungamo zinthu zanu, tsekani Firefox, fufutani kafayilo kameneko basi, ikatseguka imapanga kena katsopano. Mapasiwedi anu ndi ma bookmark sakhudzidwa, ali m'mafayilo ena.

Pali ena amathamangira kuuza anthu kuti ingodinani F11. Ine ayi sindigwirizana nazo, makamaka kwa makolo athu ndi amene angoyamba kumene kuphunzira kompyuta. F11 imadzadzitsadi sikirini koma imabisa ma tab, imabisa adiresi, imabisa ndi taskbar yomwe, munthu amangoona ngati watsekeredwa m'chipinda chopanda chitseko mpaka ena amazimitsa kompyuta pa batani. Choopsa kwambiri nchakuti adiresi ija ndi imene imakuuzani ngati muli pa tsamba lenileni la banki kapena la akuba, ndiye kumuzoloweza munthu kugwira ntchito osaiona sichinthu chabwino. F11 isiyireni poonera kanema kapena poonetsa zinthu pa projekita, ndipo amene mwamuphunzitsa kulowa mumuuzenso kuti potuluka ndi F11 yomweyo.

Mwina wina anena kuti aise nkhani yaing'ono ngati iyi mpaka kulemba zonsezi? Taganizani malaputopu amene ambirife tili nawo, ogula ogwiritsidwapo kale ntchito aja, ambiri sikirini yake ndi 1366 x 768, kutanthauza timadontho 1366 mulifupi ndi 768 mulitali. Pa 768 imeneyo taskbar yadyapo, ma tab adyapo, mzere wa adiresi wadyapo, chotsala nchochepa kale, ndiye windo likabweranso lofinyika fomu yofunsira ntchito kapena malo a sukulu imaoneka mizere itatu yokha. Wodziwa amangotsitsa nkupitiriza, koma wosazolowera amaganiza kuti fomu yathera pomwepo, amadikira, bandulo ikutha, mwina magetsi azimanso asanatumize. Amene ali ndi sikirini yaikulu sangazimvetse, iwo amachita kugawa mawindo awiri mbali ndi mbali ndi batani la Windows ndi muvi wa kumanzere kapena kumanja, zimene zinabwera ndi Windows 7 mu 2009, ndipo nzabwino ndithu kwa iwo. Nchifukwa chake ndimati inu amene mumaika mapulogalamu m'makompyuta a m'ma lab a sukulu, m'maofesi ndi m'ma cafe, ikani Maximized tsiku lomwe mukuika browser, ndi ntchito yosakwana mphindi, osadikira kuti munthu adzabwere akudandaula kenako mumutchaje.

Pali browser imodzi yokha imene ndinganene kuti isiyeni momwe yabwerera, Tor Browser, imene anthu amagwiritsa ntchito pofuna kubisika pa intaneti. Iyo imatseguka yaing'ono mwadala, chifukwa kukula kwa windo ndi chimodzi mwa zinthu zimene masamba amagwiritsa ntchito pokuzindikirani pakati pa anthu ena, ndiye ngati mwaisankha kuti mubisike musalimbane nayo.

Otsala ndi anzathu opanga mawebusayiti. Mawindo ena aang'onowa si browser imene yaganiza, ndi tsamba limene lalamula kudzera mu lamulo lotchedwa window.open kuti litseguke mulifupi mwakuti mulitali mwakuti, ndipo shortcut yanu singathandize pamenepo. Pa Firefox mutha kuwakaniza, lembani about:config polemba adiresi paja, pezani browser.link.open_newwindow.restriction muike 0, onse azitseguka ngati tab. Koma nchifukwa chiyani munthu wamba azikalowa mpaka kumeneko? Inu opanga masamba, risiti, fomu yolipirira, zotsatira za mayeso, zisiyeni zitseguke mu tab wamba, ndipo musanapereke ntchito kwa eni ake kaiyeseni kaye pa laputopu yakale ya sikirini yaing'ono muone ngati batani la Submit likuoneka.