Chenjezo kwa Omeza Makapisozi a Amino Acid Mosafunsa

Ndikulankhula ndi inu amene mwazolowera kumeza makapisozi ndi kusungunula ufa wa ma amino acid (tizigawo timene timapanga mapuloteni m'thupi) m'madzi tsiku ndi tsiku, ena kuti minofu itukuke, ena kuti tulo tibwere, koma osafunsa dokotala ngakhale kamodzi. Mukadzudzulidwa mumayankha kuti zinthuzi n'zachilengedwe, ndiponso kuti zikanakhala zoopsa boma likanaziletsa kale. Kuganiza kotereku kudatayitsa kale miyoyo ya anthu, ndipo mtima umandiwawa kuona mukuponda momwemo.

M'chaka cha 1989, madokotala a ku New Mexico m'dziko la America adalandira odwala atatu amene minofu yawo inkaphwanya koopsa, ndipo m'magazi mwawo mudachuluka modabwitsa mtundu wina wa maselo oyera. Onse ankamwa L-tryptophan, amino acid amene ankagulitsidwa poyera ngati chothandizira kugona. Nthendayo, yotchedwa eosinophilia-myalgia syndrome, idagwira anthu oposa 1,500 m'dzikomo ndi kupha oposa 30, ndipo ena mwa opulumuka adatsala ndi khungu louma gwa ndi mitsempha yowonongeka. Atafufuza adapeza kuti ufa wodwalitsawo udachokera ku kampani ya Showa Denko ya ku Japan, imene idasintha kapangidwe kake ndi kuchepetsa kasefedwe. Bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, lidalamula kuti mabotolowo achotsedwe m'masitolo anthu atadwala kale.

Mwina mukuyesa kuti tsoka limenelo lidakhwimitsa malamulo, koma sizidatero. Mu 1994 nyumba ya malamulo ya ku America, Congress, idavomereza lamulo la DSHEA, limene limaika ma amino acid m'gulu la zowonjezera pa chakudya, osati la mankhwala. Piritsi la kuchipatala liyenera kuyesedwa pa anthu ndi kuvomerezedwa lisanafike pamsika, pamene wopanga zowonjezera safunikira chilolezo choterocho, ndipo udindo wosonyeza kuti katundu wake ndi woopsa umagwera boma katunduyo ali kale m'manja mwa anthu. Tembenuzani botolo lochokera ku America lolonjeza mphamvu kapena tulo, musuzumire timalemba tating'ono ta m'munsi. Tikunena mosabisa kuti FDA sidaunike malonjezowo, ndi kuti za m'botolomo si zochizira matenda aliwonse. Safunsa adadya phula, nanga inu mwawerengapo timalembato?

Chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi mawu amene mumanong'onezana, akuti boma lidaletsa tryptophan pofuna kutsegulira msika Prozac, mankhwala a matenda a kuvutika maganizo amene adavomerezedwa mu 1987. Sindikuikira kumbuyo makampani a mankhwala, pakuti nawonso ali ndi milandu yawo; kampani ya Pfizer idalipira madola 2.3 biliyoni mu 2009 chifukwa chotsatsa mankhwala mosemphana ndi lamulo. Koma kulakwa kwa makampaniwo sikuyeretsa wogulitsa ufa, amenenso akufuna ndalama zanu zomwezo, ndipo sikudzutsa amene adamwalira mu 1989.

Ena mwafika posiya mankhwala a dokotala, ena mukuphatikiza zonse mobisa. Dziwani kuti tryptophan kapena 5-HTP (chowonjezera china chofanana naye) akakumana ndi mankhwala a mtundu wa Prozac, serotonin, chinthu chotumiza mauthenga mu ubongo, amatha kuchuluka m'thupi mpaka munthu kuyamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kutentha thupi ndi kusokonezeka mutu. L-arginine, amino acid wina, naye amatsitsa kuthamanga kwa magazi, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2006 wokhudza anthu amene adangodwala kumene mtima adaimitsidwa panjira, asanu ndi mmodzi mwa omwa arginine atamwalira, pamene m'gulu losamwa simudafe munthu.

Ngati muli ndi vuto la mtima, impso kapena chiwindi, ngati muli ndi pakati, kapena mukumwa mankhwala aliwonse a kuchipatala, nyamulani botolo lenilenilo mukamuonetse dokotala, ndipo mumuuze mosabisa kuchuluka kwa makapisozi amene mumameza pa tsiku ndi nthawi imene mudayamba.