Galu wa abwana akagwa khunyu, chala amaloza ife

Dzulo cha m'ma 5 koloko madzulo, pa chipatala china cha ziweto kumpoto kwa Johannesburg, anabwera ndi galu wa mtundu wa greyhound atamufunditsa bulangete, ali mikodzo yokhayokha. Pambuyo pake panali mnyamata wa kwathu ku Namwera, wogwira ntchito ya m'gadeni, dzanja lamanja atalikulunga ndi sikipa, magazi ali chuchuchu. Mayi mwini galu anamutembenukira pamaso pa anthu onse amene anali pa mzere, n'kukuwa kuti: "Wamudyetsa chiyani galu wanga?" Kunyumba kwa abwana, alonda anali atakhuthula kale chikwama cha mnyamatayo pa kapinga, kutembenuza matiresi, kununkhiza mpaka botolo la mafuta odzola. Dokotala atatsegula fayilo anapeza kuti galuyo wakhala akudwala khunyu kuyambira chaka chatha, ndipo mapiritsi ake anatha Lachisanu, mayi n'kumati akatenga ena akapeza mpata. Masiku anayi osamwa mankhwala, nkhani yonse inali pamenepo. Wopepesa panalibe. Galu anamuika pa diripi, mnyamata anamuuza kuti akadikire panja.

Abale anga a ku Mangochi, inu amene mukugulitsa ukonde wa atate kuti mupeze ya basi, ndi inu muli kale ku Mayfair mu Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town, mukudziwa kuti ntchito yoyamba imene timaipeza kuno ndi ya pabwalo, ndipo pabwalo pali agalu. Eni nyumba amachoka m'mawa, wotsala ndi galu ndi inu. Tsiku limene adzagwe, mudzakhala nokha. Ndiye mverani.

Greyhound ndi galu wamtali miyendo, chiuno ngati cha mavu, nthiti zochita kuwerengeka moti kwathu angati wagona ndi njala mwezi wathunthu. Ndi chibadwa chake. Amalemera cha m'ma 30 kg, ndipo akatsegula liwiro amafika pafupifupi 70 km pa ola. Mafuta m'thupi ndi ochepa kwambiri, khungu lake ndi lopyapyala, limang'ambika msanga akamaphupha pa simenti kapena pa waya.

Akagwa, choyamba yang'anani nthawi pa foni. Mtima umanama, mphindi imodzi imaoneka ngati ola. Amagwera chammbali, kuuma gwa, kenako miyendo imapalasa ngati akuthamanga, nsagwada zikutafuna, thovu kukamwa, mikodzo, mwina ndi chimbudzi chomwe. Nthawi zambiri zimatha pa mphindi imodzi kapena ziwiri. Pa nthawi imeneyo sakudziwa kanthu, inuyo sakukudziwani. Musalowetse dzanja, supuni kapena kamtengo m'kamwa mwake. Galu sameza lilime. Mnyamata uja anachita zimene tonse tinamva tikukula, zoti wogwa khunyu umugwire lilime, ndipo mano analowa mpaka pa fupa. Musamupanikizenso pansi kuti asiye kugwedezeka. Chotsani mipando, makasu ndi wilibala. Ngati ali pafupi ndi dziwe losambiramo kapena masitepe, mukokeni pang'ono ndi miyendo yakumbuyo, kumutu osayandikira. Agalu ena atsekereni kwina chifukwa amatha kumulumphira mnzawo akamaphupha. Zimitsani makina otchetchera ndi wailesi. Ndiyeno jambulani vidiyo, muonetse thupi lonse ndi nkhope. Dokotala amaifuna, ndipo inuyo mboni yanu ndi yomweyo.

Zikapitirira mphindi 5, kapena akagwa kawiri m'maola 24, kapena akagwanso asanatsitsimuke, musadikire abwana kuti ayankhe foni, funani njira yopitira kwa dokotala. Choopsa ndi kutentha. Thupi la galu limakhala pa 38 mpaka 39, koma minofu ikagwira ntchito mosapumira limadutsa 41, ubongo ndi impso n'kuyamba kuonongeka. Nyowetsani mapazi, mimba ndi m'khwapa ndi madzi a pampopi, osati madzi oundana, ndipo m'galimoto mulowe mphepo. Nyumba zina dokotala amasiya diazepam, mankhwala oletsa kugwedezeka, wa m'kachubu wothira kumalo ochitira chimbudzi, muyezo wake amaulemba pa paketi molingana ndi kulemera kwa galuyo. Funsani lero kumene amasunga, akuonetseni kathiridwe kake, ndipo nambala ya chipatala chotsegula usiku ikhale mu foni yanu. Akatsitsimuka amadzandira, amagunda makoma ngati wakhungu, amakhala ndi njala yoopsa, ndipo angakulumeni chifukwa cha mantha. Zimenezi zimatenga mphindi zingapo, mwina maola. Musiyeni m'chipinda cha phee, madzi mumupatse akayamba kuima bwino.

"Wamudyetsa chiyani?" Funso limeneli landikhala pakhosi. Munthu wakhala zaka akudzuka 4 koloko, kukwera mataxi awiri, kutola zonyansa za galu yemweyo ndi fosholo, kumusambitsa, kumuchotsa nkhupakupa. Ambiri a ife timaswali, ndipo mukudziwa chimene malovu a galu amatanthauza kwa munthu amene akufuna kukaima pa mkeka: kutsuka kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi, tsiku ndi tsiku, osadandaula chifukwa kumudzi akudikira. Lero galu wagwa, woyamba kusechedwa ndi yemweyo. Pasipoti amatidindira masiku 30, otsalawo tikuyenda mtima uli m'mwamba. Pa msewu akuimitsa, akufuna ya zakumwa. Pa chipinda cha malata lendi ikwera chifukwa ndiwe wobwera. Mu March 2025 lamulo linaika R28.79 pa ola ngati malipiro ochepetsetsa, ogwira ntchito m'nyumba ndi m'gadeni omwe, koma funsani amene akulandira ndalama imeneyo. Ndipo Amalawi anzathu ndiwo amatipweteka kwambiri: ukangochotsedwa m'mawa, masana wina wa kwanu komwe waima pa geti akuti iye agwira pa theka la malipiro. Otengera katundu kumudzi nawo, umapereka firiji, ku Mangochi kukafika katoni ya mapoto. Achibale akungotumiza mauthenga a foni yatsopano, palibe wofunsa ngati wadya. Zonsezi timapirira. Koma kukukhuthulira chikwama pa kapinga, zovala zamkati pamtunda, ana a abwana akuonerera pa zenera, ayi, chimenechi chimapweteka mosiyana.

Poizoni alipo ndithu, n'chifukwa chake muyenera kumusiyanitsa ndi khunyu. Tameki amene timamudziwa kwathu, kuno amamutcha two-step, timibulu takuda timene akuba amaika mu nyama n'kuponyera kuseri kwa mpanda. Galu wodya tameki amatuluka dovu losaleka, amasanza, amatsegula m'mimba, minofu yonse imanjenjemera, kamwana ka diso kamachepa ngati nsonga ya singano, ndipo sadzuka pakatha mphindi ziwiri, amangoipiraipira. Kawirikawiri agalu onse a pabwalopo amadwalira limodzi. Chachiwiri chili m'manja mwanu a m'gadeni: timibulu ta buluu kapena tobiriwira topha nkhono, ta metaldehyde. Agalu amatikonda, ndipo timagwetsa ngati khunyu. Musamwaze pamene galu amafika, ndipo ngati munamwaza nenani msanga, tengani paketi kwa dokotala. Chingamu chokhala ndi chotsekemeretsa chotchedwa xylitol ndi chokoleti chakuda nazonso musasiye poyera. Khunyu yachibadwa imayamba galu ali pakati pa miyezi 6 ndi zaka 6. Wokalamba akayamba kugwa, dokotala amafufuza chotupa mu ubongo, chiwindi kapena kuchepa kwa shuga.

Za mankhwala ndiye pamene eni agalu amalakwitsa, inu n'kusenza mlandu. Mankhwala ofala ndi phenobarbital. Amayambira pa 2.5 mpaka 3 mg pa kilogalamu iliyonse, kawiri pa tsiku, maola 12 aliwonse, ndiye kuti galu wa 30 kg amamwa 75 mpaka 90 mg m'mawa, chimodzimodzinso madzulo. Woika ndi kusintha muyezo ndi dokotala yekha. Ngati mwasankha 7 koloko, ikhale 7 koloko tsiku lililonse, Lamulungu lomwe. Amatenga pafupifupi masabata awiri kuti akhazikike m'magazi, ndipo m'masiku oyambawo galu amaodzera, amadzandira miyendo yakumbuyo, amamwa madzi kwambiri ndi kukodza pafupipafupi. Eni ake amachita mantha n'kusiya kumupatsa, kumene kuli kulakwa kwakukulu. Thupi likazolowera mankhwalawa, kuwasiya mwadzidzidzi kumabweretsa kugwa koopsa kuposa kwa poyamba, monga zinachitikira dzulo. Magazi amayezedwa pakatha masabata awiri, kenako miyezi 6 iliyonse, kuona kuchuluka kwa mankhwala ndi mmene chiwindi chilili. Greyhound ndi wochenjera, amabisa piritsi m'tsaya n'kukalavula kuseri kwa maluwa. Likulungeni mu kanyama, muime pomwepo mpaka ameze. Mapiritsi akatsala a masiku 7, lemberani abwana uthenga pa WhatsApp, osangonena pakamwa, kuti umboni utsale.

Agalu ena amawaonjezera potassium bromide, amene amatenga miyezi iwiri kapena itatu kuti agwire bwino. Mdani wake ndi mchere. Mukamupatsa galu makombo a nsomba zamchere, biltong (nyama youmitsa yamchere) kapena msuzi wa ndiwo zanu, mchere umatulutsa mankhwala m'thupi, galu n'kugwa. Chakudya chake chisasinthesinthe. Levetiracetam, mankhwala enanso a khunyu, amamwa katatu pa tsiku, maola 8 aliwonse, ndiye wa masana amagwera inu. Mapiritsi ena a nkhupakupa, monga Bravecto, NexGard ndi Simparica, ali ndi chenjezo kwa agalu a khunyu, dokotala afunsidwe kaye. Dziwaninso kuti magazi a greyhound ndi osiyana ndi a agalu ena: maselo ofiira ndi ochuluka, creatinine, amene amayeza poona mmene impso zikugwirira ntchito, amakhala wokwererapo, ndipo T4, homoni ya chithokomiro, ndi wotsika mwachibadwa. Phenobarbital amamutsitsanso. Dokotala wosawazolowera agaluwa angaganize kuti pali matenda ena pamene palibe.

Mayi ujayo, ngakhale wandikwiyitsa, mantha ake ndikuwamvetsa. Kuona chamoyo chimene umachikonda chikuphupha pansi ndi chinthu chowawa, ndipo ambiri a iwo galuyo ndiye mnzawo yekhayo m'nyumba. Mukafuna kumuthandiza munthu wotere, lankhulani motsitsa, muuzeni mphindi zimene zadutsa, mukumbutseni kuti galu sakudziwa zimene zikuchitika. Gulani kope la R10, muzilemba tsiku, ola, kutalika kwa kugwa, zimene anadya, ndi mmene anadzukira. Khunyu sachiza n'kutheratu, cholinga ndi kuchepetsa kugwa, ndipo agalu ambiri amakhala zaka bwinobwino akamamwa mankhwala mosadumphitsa. Zonsezi tingachite ndi mtima wonse. Chimene tikupempha ndi chakuti dzanja la munthu likamatuluka magazi, wina alione. Kuyambira November 2020, khoti lalikulu la malamulo ku South Africa linagamula kuti ogwira ntchito m'nyumba nawonso ayenera chipukuta misozi akavulala pa ntchito. Akakuchotsani mopanda chilungamo muli ndi masiku 30 okadandaula ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, ndipo khoti la zantchito linanena kale mu 2008 kuti ngakhale mapepala anu atatha, mukadali wantchito pamaso pa lamulo. Ambiri sitipita chifukwa cha mantha, eni nyumba amadziwa zimenezo.

Koma chimene chandisowetsa tulo si galu. Phenobarbital yemweyu ndi amene anthu a khunyu amalandira m'zipatala zathu za kumudzi. Kuno galu amayezedwa magazi kawiri pa chaka, pamene ku Makanjira, ku Katuli, ku Malindi, kuli ana athu amene amagwera pa moto mayi atapita kudambo, anthu n'kumathawa poopa kuti malovu awapatsira matenda. Khunyu sipatsirana. Si ufiti, si majini, ndi matenda a mu ubongo ndipo mankhwala ake alipo. Munthu akagwa, muchotseni pa moto, muikireni chitenje kumutu, kugwedezeka kukatha mugonekeni chammbali, m'kamwa osaika kanthu, ndipo zikapitirira mphindi 5 thamangirani kuchipatala. Wa khunyu asakwere bwato yekha, asakasambe kunyanja kapena ku Shire popanda womuyang'anira, chifukwa madzi a m'mawondo amakwana kumutenga. Inu amene mumatumiza ndalama, patulaniko ya kabaza yoti m'bale wanuyo akatenge mapiritsi asanathe. Ndipo kwathuko galu wosabayitsa katemera akamatuluka thovu ndi kuphupha, musamukhudze, angakhale wa chiwewe. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Tinabwera kuno kuti amayi agone m'nyumba ya malata, kuti ana apite patali ndi sukulu, osati kuti tizisechedwa ngati mbava. Ambiri mitima yathu ili kale pa mlatho wa Bakili Muluzi, tikuona asodzi akutsitsa usipa m'mawa, pamalo pamene munthu amakuitana ndi dzina la atate ako. Mnyamata uja wapita ku kiliniki lero m'mawa, amubaya jakisoni wa kafumbata ndi kumupatsa mankhwala a bala, zala ziwiri sizikupindika. Amayi ake ku Namwera akudikira ya feteleza mwezi uno, sanawauze kanthu. Usiku mnyamatayo anaimba foni, mawu ali pansipansi, kufunsa ngati galu uja wadzuka ndiponso ngati alipo amene wamupatsa piritsi la 7 koloko.