Boti lakale: kwathu ogula amayang'ana injini, kutsidya amagogoda thabwa

Boti limene anasiya malume anga ku Nguwo, kufupi ndi Senga Bay, ndi la mlombwa weniweni, lokhomedwa nthawi ya Kamuzu. Chaka chatha tinalikokera pamchenga. Fundi, mmisiri wokhoma maboti, anazula misomali yadzimbiri umodziumodzi, anasintha matabwa atatu a pansi, n'kukhomerera thonje m'mipata ndi chizulo asanamate phula lotentha. Atapala utoto wakale, thabwalo linatuluka lofiira ngati lachekedwa dzulo. Ndinalisisita ndi dzanja, mtima unandiwawa.

Koma nditaliika pa malonda, ogula atabwera, palibe amene anagwada kuti aone nthiti zake. Aliyense amathamangira kumbuyo, kumene kuli injini: "Achimwene, Yamahayi ndi ya mahatchi angati? Mukugulitsa ndi ukonde wa chilimira womwe?" Wina anandiuza mosabisa kuti akufuna injini yokha, botilo ndikhale nalo.

Sindiwada. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Injini, ma pulagi, ukonde, nyali za kauni zokopera nsomba usiku, zonse n'zochokera kunja, ndiye mtengo wake umatsata dola. Yamaha Enduro yotopa lero munthu angaigulitse makwacha ambiri kuposa amene anagulira ili yatsopano. Thabwa lokha ndi limene mtengo wake umatsalira, ngakhale mlombwa ukusowa m'nkhalango zathu ndipo maboti ambiri atsopano akukhomedwa ndi paini kapena bulugamu, amene sachedwa kumwa madzi. Apa ndi pamene ndikuona kuti tikulakwitsa masamu.

Kutsidya kwa nyanja ya Malawi, ku Metangula ndi ku Cobué m'dziko la Mozambique, nkhani njosiyana. Mtengo umene ife timati mlombwa iwo amati umbila, ndipo m'chigawo cha Niassa mitengo ikadalipo kuposa kwathu. Mungaganize kuti zimenezi zingachititse boti lakale kukhala losafunika, koma ine ndinaona zina. Kumeneko mabwato ogoba ndi zombo za thanga zikadali pa ntchito, zonga zija zinkachoka ku Nkhotakota m'masiku a Jumbe, mfumu ya Chiswahili ya kumeneko, ndipo munthu amene amadalira mphepo amadziwa kuti moyo wake uli pa thabwa. Mkulu wina ku Cobué ndinamuona akugogoda boti ndi chibakera kuyambira kumutu mpaka kumbuyo, khutu ali tcheru, asanafunse n'komwe mtengo. Ndalama kumeneko siziyenda kwambiri, mtengo wa boti sukwera, koma ntchito ya fundi amaiwerengera.

Ku Tanzania, cha ku Mbamba Bay ndi Kyela, mtengo womwewo amautcha mninga. Zida za injini zimafika mosavuta kuchokera ku doko la Dar es Salaam, komanso shilingi siinagwe ngati kwacha, choncho injini siimeza mtengo wonse wa boti. Vuto la boti lakale kumeneko ndi maboti a fayiba, amene sadya phula chaka ndi chaka.

Pa mayiko atatuwa, ine ndingakonde titatengera diso la a ku Mozambique. Nyanja ndi imodzi, mwera wa mu Juni ndi Julayi susankha mbendera. Alovi khumi, anyamata ogwira ntchito m'boti, akakhala pakati pa nyanja usiku, usipa utadzaza, chimene chimawabweza kumtunda funde likakula ndi nthiti za boti. Injini ikazima amapalasa, koma thabwa likatseguka palibe chochita.

Ku chilumba cha Mbenji, m'dera la Gogo Chalo Makanjira, amatseka usodzi kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo miyezi imeneyi ndi imene ambiri amakonza kapena kugulitsa maboti. Langa sindinaligulitse, ndalibwezera pamadzi. Ndapatsa mphwanga kuti aziyendetsa, tizigawana za nsomba, ndipo Mbenji akatsegula lipita nawo.