Zinyalala pa manda a amishoni ku Cape Maclear

Ndimakhumudwa kwambiri ndikapita ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi, n'kupeza mabotolo apulasitiki ndi majumbo zili mbwee pafupi ndi manda a amishoni a ku Scotland amene anafika pamalopo m'chaka cha 1875. Anthu amenewa anazunzika ndi malungo mpaka anasamutsira mishoni yawo ya Livingstonia ku Bandawe mu 1881, ndipo mandawo ndi chimodzi mwa zinthu zochepa zimene zinatsala zotikumbutsa mbiriyo. Komabe alendo ena, makamaka amene amabwera m'magulu Loweruka ndi Lamlungu, amadyera pomwepo, kujambulitsa zithunzi, kenako n'kunyamuka osatola kanthu ngakhale kamodzi.

Chimene chimandiwawa koposa n'chakuti malowa ali m'dera la Lake Malawi National Park, limene bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha nsomba monga mbuna zimene sizipezeka m'nyanja ina iliyonse. Mvula ikagwa, majumbo onse aja amakokoloka n'kukathera m'madzi momwe mbunazo zimakhala, momwenso amayi a m'mudzi wa Chembe amachapa ndi kutsuka mbale. Ndaonaponso anyani akung'amba mapepala a mabisiketi panjira yopita ku Otter Point. Kodi munthu amene wakwanitsa kunyamula botolo lodzaza kuchokera ku Lilongwe amalephera bwanji kubwerera nalo lopanda kanthu?