Timitanda ta Emily Dickinson ndi ulusi wofiira

Ntchito yanga ndi ya singano ndi makina osokera, ndiye ena mudabwa kuti lero ndikukamba za ndakatulo. Pirirani nane abale anga, nkhaniyi yandikhala pamtima sabata yonse.

Emily Dickinson anali mlakatuli wa ku Amherst, m'chigawo cha Massachusetts ku America. Anamwalira mu 1886 atalemba ndakatulo pafupifupi 1,800, koma zimene zinasindikizidwa iye ali moyo zinali ngati khumi basi. Zinazo anazipeza ndi mng'ono wake Lavinia, maliro atatha. Zambiri anali atazilemba bwinobwino pa mapepala opinda pakati, n'kuwasanja, n'kuboola ndi singano, n'kumanga ndi ulusi. Timabuku totere tinalipo 40. Mayiyu ankasoka mabuku ake ndi manja ake, ndipo apa ndi pamene mtima wanga unakodwa.

Akonzi oyamba, Mabel Loomis Todd ndi Thomas Wentworth Higginson, anatulutsa buku loyamba mu 1890. Anapatsa ndakatulozo mitu imene mwini wake sanaike, anasintha mawu ena kuti azimveka mokomera anthu a nthawiyo, anachotsa timizere tambiri timene iye ankaika pakati pa mawu. Ulusi uja unamasulidwa, mapepala anasokonekera. Zinatengera katswiri wina, R. W. Franklin, kuti mu 1981 awabwezere m'dongosolo lake, poyerekeza madontho a pa pepala ndi mabowo a singano. Mabowo a singano, abale! Chimene telala aliyense amadziwa, kuti nsalu siiwala pamene inalasidwa.

Koma chinthu chimene chandigwira kwambiri ndi kamtanda. Dickinson akalemba liwu n'kuona kuti lina lingakhalenso bwino pamenepo, sankafufuta loyambalo. Ankaika kamtanda kakang'ono pambali pake, ndipo m'munsi mwa tsamba ankalemba mawu ena, awiri kapena atatu, oti angalowe m'malo mwake. Sankasankha. Ankasiya onse ali moyo. Osindikiza mabuku anasankha limodzi, enawo n'kuwataya kapena kuwakankhira ku timawu ta m'munsi timene owerenga ambiri sayang'anako. Timitandato tinangoonedwa ngati litsiro la pa pepala.

Kenako kunabwera Jen Bervin, mlakatuli amenenso ndi mmisiri wa nsalu. Iye anasiya mawu a ndakatulo, natenga zimene anzake anataya. Anasonkhanitsa timitanda ndi timizere tonse ta m'kabuku kamodzi, kalikonse pamalo pomwe kanali patsamba, n'kutipeta ndi ulusi wofiira pa nsalu yoyera yaikulu kuposa bulangete. Ukayang'ana chithunzi chake suona chiganizo ngakhale chimodzi. Uona timadontho tofiira, pena tothithikana, pena totalikirana, ndipo umazindikira kuti pothithikanapo ndi pamene dzanja la mayi uja linkaima kawirikawiri, likulimbana ndi liwu.

Bervin yemweyo, pamodzi ndi katswiri wa zolemba za Dickinson, Marta Werner, anatulutsa mu 2013 buku la zithunzi za maenvulopu 52 amene mlakatuliyu analembapo, ambiri mwa iwo osungidwa ku Amherst College. Dickinson ankang'amba envulopu yakale, kuitambasula, n'kulembapo ndi pensulo. Pa kachidutswa ka makona atatu kotsekera envulopu, mizere imayamba yaitali n'kumafupika potsika, mpaka liwu limodzi kunsonga. Mukawakopera mawuwo pa kompyuta m'mizere yowongoka, mawu onse alipo, koma kufupika kuja kwapita, ndipo kunali mbali ya ndakatuloyo.

Maganizo anga ndi awa: malo osungira zolemba za alembi asamakhale a anthu a madigiri okha. Ndimawalemekeza akatswiri, popanda Franklin sitikanadziwa tsamba lotsatana ndi linzake. Koma katswiri amalowa akufuna mawu. Wopeta nsalu, wojambula, woimba, amalowa ndi maso ena, ndipo amaima pa bokosi limene ena analidumpha. Ine kasitomala akandibweretsera diresi losokedwa kwina, ndimayamba ndalitembenuza kuti ndione msoko wa mkati. Kunja kumanamiza.

Ndikudziwa wina anena kuti tikukuza zinyalala, komanso kuti mwini wake sanatipemphe kuti tizifukula timapepala take. Funso limenelo si lachibwana. Dickinson anapempha kuti makalata amene ankalandira adzatenthedwe, ndipo Lavinia anawatenthadi. Pamene munthu ananena kuti ichi chisaoneke, tilemekeze. Koma timitandato anatiika yekha m'timabuku timene anasoka mosamala. Amene anatichotsa ndi ena.

Ndikulemba izi ndi chisoni cha kwathu. Agogo anga aakazi ankapeka nyimbo za amayi a ku mpingo, ndipo ankazilemba m'kope la ana asukulu lomwe ankalemberamonso ngongole za ufa ndi miyeso ya madiresi a zidzukulu. Atamwalira, wachibale wina anachita zimene ankaona kuti n'zabwino: anakalembetsa nyimbozo pa kompyuta, n'kutigawira aliyense mapepala ake oyera. Kope lija ankati ladyeka ndi njenjete, ndipo linakayatsira moto.

Mapepala oyerawo ndili nawo. Koma ndimakumbukira tsamba limodzi la m'kope muja, ndinaliona ndili mtsikana. Pa nyimbo ya maliro agogo analemba kuti "ndatopa", kenako pamwamba pake, ndi bolopeni ya mtundu wina, analemba kuti "ndafika". Sanafufute lililonse. Pa pepala langa loyera pali "ndafika" yekha.

Dzulo ndagula ulusi wofiira ndi nsalu yoyera mita imodzi. Ndiyamba ndi mawu awiri aja, lina pamwamba pa linzake, mmene ndinawaonera.